"Amandidula kale PAYE, ndiye MRA ikufunanso chani?"

Mayi wina waku Mzuzu wandilembera imelo. Akuti ali pa ntchito ndipo PAYE, msonkho wa pa salale, amawadula mwezi ndi mwezi, koma alinso ndi nyumba yomwe ikuchitidwa lendi ndi kampani ina, kuphatikizapo kashopu ka zovala mtauni. Funso lawo ndi lakuti kodi akuyenerabe kupereka return (fomu yonenera ndalama zomwe munthu wapeza pachaka) ku MRA, bungwe lotolera misonkho, poti anzawo awauza kuti "munadulidwa kale inu, musakadzipalire mavuto".

Achemwali, anzanuwo amakukondani koma apapa akusocheretsani. PAYE ija imangokhudza salale yanu basi, abwana amadula nkutumiza ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, zathera pomwepo. Ndalama ya lendi ndi phindu la kushopu abwana anu sakuzidziwa nkomwe, ndiye angazilipirire bwanji msonkho? Zimenezo ndi zanu, muyenera kuzinena nokha pa return.

Mwina muti, koma kampani ija ikamalipira lendi imadulanso withholding tax, msonkho womwe wolipira amadula nkutumiza ku MRA. Eya imadula, koma ndalama imeneyo ili ngati dipoziti, si kuti mwamaliza ayi. Chaka chikatha amaphatikiza zonse mwapeza, nkuwerengera msonkho weniweni, kenako nkuchotsapo zomwe munadulidwa kale. Ndiye apa ndi pomwe mtima umandipwetekera, chifukwa anthu ambiri saitanitsa satifiketi ya withholding tax kwa amene wawadula, amangolandira ndalama yotsalayo nkumapita, pamene pepala limenelo ndi umboni wanu woti munalipira, ndipo zikapezeka kuti anakudulani mopitirira muli ndi ufulu wopempha kuti akubwezereni. Amene sapereka return sangabwezeredwe kanthu. Chonde nthawi iliyonse akadula, muziitanitsa satifiketiyo ndi kuisunga bwino.

Za kushopu. Laisensi ya bizinesi komanso chiphaso chomwe anthu amadula mumsika ndi ndalama za khonsolo, sizikhudzana ndi MRA olo pang'ono. Wina amaonetsa lisiti la khonsolo nkumati ine ndimakhoma msonkho, ayi ndithu, ndi maofesi awiri osiyana.

China chomwe ndimamva kawirikawiri ndi chakuti chaka chino geni sinayende ndiye palibe chokanena. Ngati munalembetsa TPIN (nambala yanu ya msonkho ku MRA) pa bizinesi, return imafunikabe ngakhale mwaluza kapena simunagulitse kanthu, mumangolemba zoona zake kuti sizinayende. Kukhala chete ndi kumene kumabweretsa penoti. Nthawi yoperekera return ndi masiku 180 chaka chanu cha bizinesi chikatha. Ndipo musachite mantha kuti atenga gawo pa ndalama zonse zomwe zadutsa mmanja mwanu, income tax imawerengedwa pa phindu, mutachotsa zomwe munaodera katundu, lendi ya shopu, malipiro a mtsikana wogulitsa, thiransipoti ya katundu ndi zina zotero, bola pakhale malisiti ndi kabuku kolembamo. Mabizinesi ang'onoang'ono ali ndi njira yawo yotchedwa presumptive tax yomwe amayang'ana zogulitsa za pachaka, ndiye mukafunse kuti shopu yanu ikugwa mbali iti.

Pali bodza linanso la kuntchito, simunafunse koma ndilinene, loti akakukweza salale msonkho umadya zonse mpaka kumalandira zochepa kuposa kale. Sizingatheke. Msonkho umapita mmagawo. Titenge mitengo ya 2024, pomwe boma linakweza ndalama yosadulidwa msonkho kuchoka pa K100,000 kufika pa K150,000 pamwezi. Wolandira K200,000 ankadulidwa 25% pa K50,000 yapamwambayo yokha, yomwe ndi K12,500, osati pa salale yonse. Manambalawa amasintha ndi bajeti koma kawerengedwe kake ndi komweko, ndiye musadzakane pulomoshoni chifukwa cha nkhani za mminibasi.

Chochita panopa, sonkhanitsani mapayslip, masatifiketi a withholding tax ndi malisiti a kushopu, mupite nazo ku ofesi ya MRA konko ku Mzuzu mukafotokoze mmene zilili, ngakhale za zaka zammbuyo zomwe simunapereke. Kupita nokha kuli bwino kusiyana nkuti iwo achite kukupezani. TPIN ndi yaulere, musalipire dobadoba aliyense pakhomo, ndipo akakulembetsani pa Msonkho Online ma return otsatira muzidzangotumiza pa intaneti.