Kupikula mabatire a timagalimoto ta gofu m'nyengo yachisanu

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mukuti mwasonkhanitsa kampamba, mukufuna muzikatenga ku South Africa mabatire akuluakulu aja amaika m'timagalimoto ta pabwalo la gofu, ndipo wina wakuuzani kuti mupite mu June kapena July chifukwa ndi pamene akaunjika amatchipa. Munthuyo sananame, amatchipadi. Koma chimene chimawatchipitsa ndi chomwecho chingakudyereni mpamba wonse. Choncho ndiyamba ndi nkhani ya chisanu, za pa boda zibwera pambuyo.

Timagalimoto timeneti, kaya ndi Club Car, E-Z-GO kapena Yamaha, tambiri timayendera 36V kapena 48V. Ka 36V kamanyamula mabatire 6 a 6V, ka 48V kamanyamula 6 a 8V kapena 4 a 12V. Si mabatire olizira injini ayi. Awa ndi aja amati deep cycle, a mapuleti ochindikala, otulutsa moto pang'onopang'ono tsiku lonse. Lodziwika kwambiri ndi Trojan T-105, la 6V, 225Ah, lolemera makilogalamu 28. Kuno kwathu a gofu ogula ndi owerengeka. Makasitomala anga ambiri ndi a sola ndi ma inverter: malo ogona alendo, mashopu, mabanja otopa ndi kuzimazima kwa magetsi.

M'kati mwa batire muli mtovu ndi asidi, ndipo moto umabwera ziwirizi zikamagwirana. Kukazizira asidiyo amachita ulesi, ngati uchi wam'botolo m'mawa wa June, woti upendeke botolo koma ukubwera mozengereza. Nambala ija ya 225Ah, yosonyeza kuchuluka kwa moto umene batire limasunga, anayezera pa madigiri 27. Kutentha kukatsika ndi madigiri pafupifupi 10, mphamvu yomwe batire lingatulutse imachepa ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Ndiye ganizirani Johannesburg, mzinda wokhala pamtunda wa mamita oposa 1,700, kumene m'mawa wa July udzu umayera ndi chisanu. Pa 10 July 2023 kunagwa ngakhale sinowo. M'mawa wotero batire latsopano lenileni limatha kuchepekedwa kota ya mphamvu zake. Kagalimoto komwe mu December kamazungulira maenje onse 18 kosadandaula, mu July kamayamba kukwawa pachitunda.

Apa ndi pamene pagona geni yonse. Mphamvu imene chisanu chabisa siinatayike, dzuwa likatentha imabwerera. Koma imabwerera pa batire lamoyo. Batire lokalamba, lomwe m'chilimwe linkabisala kumbuyo kwa kutentha, chisanu chimaliyalutsa. Eni ake akaona kagalimoto kafera pakati pa bwalo, amachotsa seti yonse n'kuika yatsopano. Milu ya mabatire otchipa yomwe mukaipeze mu July yachokera pamenepo. Muli ena abwino ndithu, chifukwa nthawi zina pa 6 aja lofooka limakhala limodzi, anzake n'kuchotsedwera limodzi. Koma ambiri ndi oti analephera mayeso kale.

Ine ndinapsa nazo ulendo wanga wachiwiri. Ndinalowa m'kagalaja kena, mnyamata wogulitsa akundimwetulira, mabatire 12 atandandalikidwa pa simenti, opukutidwa bwino, mitu yake yonyezimira. Anaika mita yoyezera moto wa batire pamaso panga, lililonse likuwerenga kupitirira 6.4V. Ndinalipira mtima uli m'malo. Chimene sindinachite ndi kugwira mabatirewo ndi dzanja. Ndikanagwira ndikanamva kuti ndi ofunda m'chipinda chozizira choncho, kutanthauza kuti angowachotsa kumene pa tchaja. Batire longochoka pa tchaja limakhala ndi kamoto kapamwamba konamiza mita, ngakhale lakufa limaoneka lamphamvu. Nditafika ku Blantyre, 7 mwa iwo sanathe kuyatsa mababu ndi wailesi mpaka pakati pa usiku. Ndinakawagulitsa pa sikelo kwa ogula mtovu. Ndalama imeneyo inali ya fizi ya mwana, ndipo mpaka lero ndikaganiza mtima umawawa.

Chiyambire pamenepo ndimayenda ndi mita yanga, hydrometer yanga (kachubu koyezera kulemera kwa asidi), ndi kachipangizo koyezera batire likusenza katundu, kutanthauza likutulutsa moto. Ndimauza wogulitsa kuti mabatire agone osalumikizidwa, ndibwera m'mawa. La 6V lodzaza bwino, litapuma, limawerenga 6.37V kapena pafupi pamenepo, la 8V limawerenga 8.49V. Kenako ndimatsegula zivindikiro n'kuyeza asidi m'chipinda chilichonse cha batire. Lodzaza limaonetsa 1.277, koma chofunika kwambiri n'chakuti zipinda zonse zifanane. Chimodzi chikatsalira kutali ndi zinzake, lisiyeni, ngakhale akuchotsereni mtengo. Dziwaninso kuti asidi wozizira amalemererapo, ndiye hydrometer m'chisanu imalikometsa batire pang'ono. Musakondwe msanga. Pa Trojan yang'anani pamutu wa negetivu, pamakhala chilembo ndi nambala: chilembo ndi mwezi, A kukhala January, nambala ndi chaka. Wogulitsa akakana kuti muyeze batire likusenza katundu, tsanzikani mwaulemu muzipita.

Masiku ano mupezanso a lithium, omwe anafala kwambiri ku South Africa nthawi ya kuzimazima kwa magetsi mu 2022 ndi 2023. Ndi opepuka, safuna madzi, amakhalitsa, koma mtengo wake ndi wina. Khalidwe lawo pa chisanu ndi losiyana. Kutulutsa moto amatulutsa, koma kuwatchaja kutentha kutatsika pansi pa 0 kumawaononga m'kati kosabwereranso. Abwino ali ndi kabokosi kotchedwa BMS kamene kamakana tchaji kukazizira choncho. Ndinaonapo munthu akubweza batire labwinobwino ati lafa, pomwe linkangodziteteza m'mawa wachisanu. Otchipa ena alibe chitetezo chimenechi, choncho funsani musanalipire.

Tsopano za ulendo. Njira yathu ndi ya Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, Tete, kenako Zobue n'kulowera pa Mwanza, kapena kukhotera ku Dedza ngati katundu ndi wa ku Lilongwe. Ndi makilomita pafupifupi 1,700. Musaganize zokweza mabatire pa basi ngati mabulangete. Seti imodzi ya T-105 ndi makilogalamu 168, komanso ndi katundu woopsa, pa magulu a katundu wotere a asidi ali m'gulu 8, a lithium m'gulu 9. Timasonkherana malo pa thiraki, ndipo ine sindichoka pomwe akupakira mpaka nditaona kuti aima chilili pa mapaleti, mitu yaphimbidwa, amangidwa zolimba, palibe chitsulo choti chigwere pamwamba. Batire likagona chammbali asidi amatayikira pa katundu wa anzanu, ndipo mlanduwo ndi wanu.

Pa boda khalani ndi invoisi yeniyeni, ndipo pezani ejenti wovomerezeka akuwerengereni msonkho wa MRA musananyamuke kuno, osati katundu atafika. Ambiri amaganiza kuti chilichonse chogulidwa ku South Africa chimapeputsidwa msonkho pansi pa SADC. Ayi, chimene amaona ndi komwe katundu anapangidwira. Batire lopangidwa ku America kapena ku China silisanduka la SADC chifukwa mwaligula ku Johannesburg. Muwerengerenso kuvuta kwa ndalama zakunja, chifukwa mtengo womwe mwapezera randi ndi umene umagamula ngati pali phindu.

Chimene anthu sachiyembekezera n'chakuti mdani weniweni wa katundu wanu akukudikirani kutsogolo. Thiraki imanyamuka m'chisanu, pofika ku Tete thukuta lili kamukamu. Chisanu chimangobisa mphamvu, koma kutentha kumadya moyo wa batire. Pamwamba pa madigiri 25, mukaonjeza ena pafupifupi 10, moyo wake umafupika ndi theka. Batire longokhala m'nyumba ya malata yotentha limadzitsitsa moto lokha mwachangu, ndipo likakhalitsa lopanda moto mapuleti amachita nkhungu yolimba yosachokanso. N'chifukwa chake sindiunjika katundu. Ndimatenga amene ali ndi mwini kale, otsalawo ndimawatchaja mwezi ndi mwezi.

Makasitomala anu adzadandaula mosiyana malinga ndi kwawo. Wa ku Dedza kapena Mzuzu adzakuimbirani mu July, chiperoni chili pakati, kuti mwamugulitsa zakufa. Mayi wina anandiitana choncho atakwiya kwambiri. Nditafika ndinapeza mabatire ali pakhonde, pa simenti, mphepo ikuwaomba usiku wonse, komanso dzuwa linali lisanaoneke bwino masiku anayi, sola osadzaza. Tinawalowetsa m'kachipinda kopita mpweya, tinawaika pa matabwa, tinawadzaza ndi tchaja mpaka pamapeto. Batire lozizira limachedwa kudzaza, ndiye pamafunika kudekha. Mabatire omwewo akugwirabe ntchito. Wa ku Chikwawa kapena Nsanje sadzadandaula chaka choyamba, kwa iye moto ndi wochuluka. Adzabwera mabatire atatheratu nthawi isanakwane, madzi atauma, mapuleti ali pamtunda. Ameneyo mumuuze tsiku logula lomwelo: aziika pamthunzi, aziona madzi pafupipafupi, azithira madzi a batire okhaokha osati a pamjigo, ndipo azithira atamaliza kutchaja, pokhapokha mapuleti ataonekera ndi pamene athire pang'ono ongowaphimba asanatchaje.

Ndiye kwa inu achimwene, ulendo woyamba uno akaunjika asiyeni kaye. Pezani munthu mmodzi wofuna seti, alipire gawo, mukamutengere atsopano 6 kwa ogulitsa opereka risiti ndi galanti, onse a mwezi umodzi, osasakaniza akale ndi atsopano. Phindu lidzakhala lochepa, koma mudzaphunzira njira, ejenti ndi anyamata a thiraki. Ngati mtima ukukakamirabe pa milu ya mu July ija, gulani kaye hydrometer ndi mita, mubwere kuno Loweruka. Ndili ndi mabatire awiri pakona, lamoyo ndi lakufa, ofanana maonekedwe. Mudzayeze nokha mundiuze lakufa ndi liti.