Ofesi ya anthu 8 pa seva imodzi: yambirani ku magetsi

Mayi wina amene ali ndi kaofesi kosunga mabuku a ndalama za mabizinesi kuno ku Chipata wanditumizira imelo. Akuti: "Tilipo anthu 8, makompyuta athu akalamba, ndipo ndamva za thin client. Kodi ndiyambire pati?"

Amayi, zikomo pondilembera. Thin client ndi kabokosi kakang'ono kongoonetsa pa sikirini ntchito imene ikuchitikira pa kompyuta imodzi yamphamvu, seva. Mapulogalamu ndi mafayilo onse amakhala m'sevamo. Kabokosiko kamadya magetsi ochepa zedi, mawati 10 kapena chapomwepo, ndipo kakawonongeka mumangolumikiza kena, ntchito n'kupitirira.

Koma seva ikazima, anthu 8 onsewo angopinda manja. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti ndalama zoyamba zipite ku magetsi, osati ku timabokosi. Tonse tikukumbukira chaka cha 2024, madzi atatsika ku Kariba, ZESCO ikuzimitsa magetsi pafupifupi tsiku lonse. Seva ndi switch (kabokosi kolumikiza mawaya a makompyuta onse) zikhale pa UPS (batire logwira ntchito nthawi yomweyo magetsi akazima), kumbuyo kwake inverter ndi mabatire, ndipo ngati thumba likulola, sola padenga. Apa m'pamene thin client imasangalatsa: ofesi yonse imayenda pa mabatire amene sakanakwanitsa makompyuta akuluakulu 8. Musaiwalenso chotetezera ku mphezi, dzinja likubwera.

Ndinalowapo mu ofesi ina cha ku Kapata, kuno ku Chipata, mwezi wa Okutobala, ndinapeza seva ili pansi pa tebulo, pasimenti, fumbi lofiira litatseka fani ngati thonje. Nditaikhudza inali yotentha ngati mbaula. Zinandiwawa, chifukwa ntchito ya anthu ya zaka zambiri inali mmenemo. Yanuyo muiike pamwamba, podutsa mpweya, ndipo muziipukuta fumbi mwezi ndi mwezi.

Pogula sevayo musaumire. Kwa anthu 8 otsegula masamba a ZRA (bungwe la misonkho) ndi NAPSA (la penshoni) nthawi imodzi, ine ndingaike RAM (memore yogwirira ntchito) ya 32 GB ndi ma SSD (madisiki othamanga osungira mafayilo) awiri olemba zofanana, zomwe amati RAID 1. Zimenezo sizilowa m'malo mwa backup (kukopera mafayilo n'kuwasunga padera) ayi. Mukhale ndi disiki ina yokoperamo zonse, Lachisanu lililonse izikagona kunyumba kwanu.

Mawaya olumikiza timabokosi ndi seva akhale a mtundu wa Cat6 pa switch yothamanga ya gigabit, aliyense osapitirira mamita 100. Wi-Fi isiyireni mafoni.

Funso loti muyankhe musanagule kanthu ndi ili: pulogalamu yanu yowerengera ndalama imayenda pa chiyani? Ngati ndi ya Windows yokha, mufunika Windows Server ndi laisensi ya RDS (yolola anthu kugwira ntchito pa sevayo ali pa matebulo awo) ya munthu aliyense kapena tebulo lililonse, ndipo mtengo wake si wamasewera. Ngati ntchito yonse imathera mu browser (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti), Linux, yomwe imalowa m'malo mwa Windows, ndi LTSP, yomwe imayendetsa ma thin client, n'zaulere, ndipo makompyuta akalewo musataye, akhoza kusanduka ma thin client okha.

Yesani kaye matebulo awiri kwa milungu iwiri, pulinta ili yolumikizidwa, kumapeto kwa mwezi pamene ntchito imachuluka. Mukaona mmene zayendera, mundilemberenso tiwerengere limodzi kukula kwa mabatire.