Amalume, za chimbale zija

Amalume mwaswera bwanji, funso lanu ndaliona m'gulu muno koma kulemba zinditalikira, bola ndingoyankhula. Mwafunsa kuti poti nyimbo ndili nazo zambiri kale, bwanji osangozisonkhanitsa nkutulutsa chimbale, komanso kuti zoti chimbale cha mutu umodzi zomwe ndimangonenanenazi ndiye kuti chani. Ndiyesa kufotokoza, mundipirire ikatalika.

Anthu ambiri amaganiza kuti woyimba amadzuka m'mawa nkunena kuti chimbale changa chikhala cha chikondi, kenako nkukhala pansi kulemba nyimbo khumi za chikondi. Alipo amapanga choncho, sindikukana, koma ine nyimbo zopekedwa mwanjira imeneyo ndimazimva zouma, umachita kumva kuti mwiniwake amangofuna amalize ntchito. Kwa ine mutu umatulukira pambuyo. Ndimakhala ndikujambula tizidutswa mufoni, kachuni kandibwerera ndili m'njira, mawu ena wina walankhula andikhudza, nthawi zina kungong'ung'udza chabe popanda mawu aliwonse, ndiye zimachulukana mufonimo mpaka tsiku lina ndimakhala pansi ndi kope nkumvera zonse motsatana. Ulendo uno nditamvera ndinadabwa kuti pafupifupi paliponse pali munthu amene akudikira. Mayi akudikira foni ya mwana wake, wina akudikira zotsatira za kuchipatala, wina akudikira kuti mnzake abwere adzapepese. Sindinachite kukonza ayi, zinali momwemo kale, ine kwanga kunali kungoziona.

Nde mutu ukapezeka anthu amati basi zatheka, pomwe ntchito yeniyeni ndi pamene ikuyamba. Kudikira ndi nkhani yaikulu kwambiri, ukangoisiya choncho nyimbo zonse zimanena chinthu chimodzimodzi ndipo womvera akafika pa yachinayi watopa kale. Ndiye ndinaupanikiza mutuwo, ndinati zonse zichitike usiku umodzi, kuyambira dzuwa litangolowa mpaka kucha, nyimbo iliyonse ikhale ya munthu wina pa ola lina. Ndikamalemba ndimadzifunsa kuti apa akuyankhula ndi ndani, akuuza ndani, nanga akufuna chani chomwe sakuchitchula. Mayi uja mwachitsanzo, palibe pomwe akunena kuti ndamusowa mwana wanga. Amangoyang'ana ngati foni ili ndi moto, nkuikweza voliyumu, nkuiika pafupi ndi pilo, pakapita kanthawi nkuiyang'ananso. Womvera amadziwa yekha zomwe zili mumtima mwa mayiyo, ndipo zimamupweteka kuposa ndikanachita kumuuza.

Ubwino wina wa mutu ndi woti umakuonetsa nyimbo yomwe ikusowa. Nditaziika pamodzi ndinaona kuti aliyense akudikira, koma wodikiridwayo palibe pomwe akumveka. Nanga iyeyo ali kuti, bwanji sakuyimba foni? Ndiye ndinayamba kulemba ya munthu amene akudziwa bwinobwino kuti kwawo akumudikira, koma zinthu sizinamuyendere ndipo manyazi amugwira, amalemba meseji nkufufuta, kulembanso nkufufutanso. Imeneyi ndi yomwe ikundidyera nthawi amalume, chifukwa sindikufuna amveke ngati munthu woipa, sindikufunanso kumuikira kumbuyo. Ndikufuna amene akhala akumukwiyira m'nyimbo zoyambirira zija akafika apa mtima uwagunde. Popanda mutu nyimbo imeneyi sindikanaiganizira nkomwe.

Koma mutu womwewo ndi wankhanza, umakudulitsa nyimbo zabwino. Ija yovinika mumaikonda ija m'chimbale muno mulibe, ndikudziwa mudandaula. Si kuti ndi yoipa, ndipotu mwina ndi yomwe anthu angaikonde msanga kuposa zonse, koma ukaiika pakati pa anthu odikira aja zimakhala ngati wina wayatsa wailesi m'chipinda cha wodwala. Idzatuluka payokha nthawi yake ikakwana, sindinaitaye.

Komanso si mawu okha amene amamanga chimbale. Khutu nalo liyenera kumva kuti zonsezi ndi za banja limodzi. Ine ndi pulodyusa tinagwirizana kuti zida zikhale zochepa, gitala, bezi, kiyibodi ndi ng'oma zosaphokosera, ndipo mawu onse tijambulire chipinda chimodzi ndi maiki imodzi kuti kamvekedwe kasamasinthesinthe. Pali kachuni kenakake kakafupi komwe kakumveka koyambirira pa gitala, kakubweranso pakati pa kiyibodi pang'onopang'ono, kumapeto nkudzayimbidwa ndi mawu. Ambiri sadzazindikira kuti ndi komweko, koma adzamva ngati malo awa anafikapo kale. Timayang'ananso makiyi ndi liwiro, chifukwa nyimbo zitatu zotsatizana zikakhala kiyi imodzi liwiro limodzi, ngakhale zikhale zokoma bwanji, zimasanduka nyimbo imodzi yaitali yotopetsa.

Tsopano kusanja kuti iyi iyambe iyi itsatire, apa ndiye pamavuta zedi. Ndimalemba dzina la nyimbo iliyonse pa kapepala kake nkuyala pansi, kusuntha, kumvera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kusunthanso. Chomwe ndimamvetsera kwambiri ndi pamene ina ikuthera ina nkuyamba, masekondi ochepa amenewo. Mukaika ya munthu wamanyazi uja patsogolo pa ya mayi, nkhani yonse yasintha, mayi uja timayamba kumumvera chisoni mwanjira ina chifukwa tikudziwa kale zomwe iye sakudziwa. Mukaiika pambuyo, timadikira naye limodzi. Nyimbo ndi zomwezo, koma ndi zimbale ziwiri zosiyana.

Inuyo amalume munakulira nthawi ya makaseti, mukukumbuka mbali A ndi mbali B. Zimenezo zinaliponso pa mbale zakuda zija za LP, zomwe kampani ya Columbia inatulutsa mu 1948, mbali imodzi imatenga mphindi 20 ndi kuposerapo pang'ono. Malire amenewo amakakamiza oyimba kuganiza, mbali iliyonse imafunika poyambira ndi pothera pake, ndipo poti singano ikamayandikira pakati pa mbale mawu samveka bwino ngati m'mphepete, nyimbo zofatsa nthawi zambiri amaziika kumapeto. CD itabwera mu 1982 imalowa mphindi 74, ndiye ena anayamba kungodzaza poti malo alipo. Ine mpaka pano ndimasanja ngati chimbale changa chili ndi mbali ziwiri, mbali yoyamba ithere pakati pa usiku, yachiwiri ipite mpaka m'bandakucha, ndipo chonse chisapitirire mphindi 40 kwambiri.

Ngati mukufuna chitsanzo choti mumve zomwe ndikunena, fufuzani What's Going On cha Marvin Gaye, cha 1971. Muli nyimbo 9, zambiri zimangolowana popanda kuima, ndipo ukamamvera umakhala ngati ukuyenda ndi msilikali amene wabwerako ku nkhondo ya ku Vietnam nkupeza kwawo ku America kuli umphawi, chisalungamo ndi mankhwala osokoneza bongo. Mng'ono wake wa Marvin, Frankie, anakamenyadi nkhondo imeneyo, ndiye zambiri anazimva kwa iyeyo. Mkulu wa Motown, kampani yomwe imatulutsa nyimbo za Marvin, Berry Gordy, poyamba sanafune kuti nyimbo yotsegulira ija ituluke, koma lero chimbale chimenecho chimawerengedwa m'gulu la zimbale zapamwamba kwambiri. Mungathe kumvera nyimbo imodzi yokha nkuikonda, koma mukamvera chonse mumatuluka mwamva zina zomwe mu imodziyo munalibe.

Ndikudziwa achemwali anena kuti masiku ano ndani amamvera chimbale chonse, anthu amangodumphadumpha pafoni. Ndi zoona, ndipo ku Spotify, komwe anthu amamvera nyimbo pa intaneti, nyimbo imawerengedwa kuti yamveredwa munthu akangofika masekondi 30, ndiye oyimba ambiri akuthamangira kuika kolasi koyambirira kwenikweni kuti munthu asachoke. Zimenezi sindizinyalanyaza. Ndi chifukwa chake nyimbo iliyonse ndikuyesetsa kuti iziima payokha, woipeza mwangozi aimvetse popanda kudziwa zinazo. Koma amene adzakhale pansi nkumvera kuyambira yoyamba mpaka yomaliza, ameneyo ndikufuna adzapeze kuti ndinamuganizira, ngakhale atakhala ochepa bwanji.

Ndiye tsiku lotulutsa sindilonjeza pano, ikudikirika ndi ya munthu wamanyazi ija, vesi yachiwiri sinakhazikike. Ikangotheka ndikutumizirani zonse inuyo poyamba, kumbali osati m'gulu muno, poti sizinamikisidwe. Pempho langa ndi loti mudzamvere motsatana mmene ndazisanjira, osadumpha, makamaka ndi mahedifoni, kenako mudzandiuze pomwe maganizo anu anayamba kuyendayenda kapena pomwe munafuna kugwira foni kuti muone zina. Musadzandinyengerere chonde, malo amenewo ndi omwe ndikufuna kuwadziwa kuti ndikonze tisanabwerere ku situdiyo. Mupereke moni kwa azakhali.