Madala apotana matumbo, tivomere opaleshoni?

Sabata ino ndiyankha imelo ya achemwali ena aku Area 25. Akuti bambo awo a zaka 74 anatupa mimba ngati ng'oma, masiku atatu osachita chimbudzi ngakhale kuphwisa komwe, ku Central atawajambula ekisile anati matumbo apotana. Anawalowetsa chubu kumbuyo mimba nkuphwa, pano akumwa phala bwinobwino, koma madokotala akuti pakufunikabe opaleshoni ndiye akubanja akukana ati madala akula sangadzukeko. Avomere?

Achemwali, ine ndikuti vomerani, ndipo musachedwe.

Chimene chimapotana ndi chigawo chakumapeto kwa matumbo aakulu, madokotala amati sigmoid, chili kumanzere mmunsi mwa mimba. Anthu ena, makamaka azibambo achikulire, chimakhala chachitali cholendewera ndiye chimazungulira pachokha ngati mmene mumapotera chitenje pofinya madzi. Mpweya sudutsa, chimbudzi sichidutsa, choopsa kwambiri nchoti magazi nawonso amasiya kufikako thumbo nkuyamba kuola.

Chubu chija chinangomasula, kutalika kwa thumbo kudakali pompo. Ambiri amene amangomasulidwa nkubwerera kunyumba zimawayambiranso, mwina usiku, mwina ali kumudzi galimoto kulibe. Apa mpamene ndimafuna akubanja kwanu amvetse. Opaleshoni yokonzekera, munthu atalandira diripi, BP ndi shuga ataziona, mtima atauyeza, nthawi zambiri amadula chigawo chotalikacho nkulumikiza nthawi yomweyo basi. Koma akafika thumbo litada kale, kulumikiza kumakhala koopsa, ndiye amalitulutsira pamimba chimbudzi chizigwera mu kathumba, ija amati Hartmann. Kathumbako mukukaopa ndikudziwa, komatu kamabwera kwambiri kwa ochedwa, ndipo ena amadzawalumikizanso pakapita miyezi akapeza mphamvu.

Sindikunamizani kuti zaka 74 ndi zamasewera ayi, mankhwala ogonetsa amalemera kwa achikulire ndipo chibayo chimakonda kuwagwira akangogona pabedi. Nchifukwa chake gadiyani akhale munthu wamphamvu woti aziwadzutsa, kuwakhazika tsonga, kuwayendetsa pang'onopang'ono mu wodi adokotala akaloleza. Musanasaine fomu afunseni adokotala mmene mtima wa bambo ulili, ndipo auzeni mankhwala onse amene amamwa, ndi achikuda omwe. Bambo eni ake afunsidwenso maganizo, thupi ndi lawo.

Mimba ikatupanso tsiku lisanafike musawapatse zotsegula mmimba kapena chakudya, pezani galimoto mubwerere ku Central nthawi yomweyo ngakhale pakati pausiku.