Funsani Azakhali: Mayi anga sataya chilichonse, nyumba yadzaza

Azakhali,

Mayi anga ali ndi zaka 67, anali mphunzitsi wa pulayimale ndipo anapuma ntchito. Chimwalirireni bambo athu amakhala okha ku Chilomoni. Kusunga zinthu anayamba ife tikadali ana, koma pano zafika poipa. Majumbo, zigubu za mafuta ophikira, mabotolo, nyuzipepala, makope a ana amene ankawaphunzitsa, mawailesi akufa, zovala za kaunjika zomwe sanavalepo, zonsezi zaunjikana mpaka kudenga. Kuchipinda bedi silikuonekanso, amagona pampando pabalaza. Chitseko cha kuseri sichitseguka. Makoswe ndiye osanena.

Chaka chatha iwo atapita kumaliro kumudzi, ine ndi achimwene anga tinapezerapo mpata n'kutaya matumba angapo. Atabwera analira kwambiri, anatha miyezi osatilankhula, ndipo pomwe tinasesapo panadzazanso. Aneba ena ayamba kunong'ona kuti gogoyu ndi mfiti, ena akuti analodzedwa. Achimwene akuti tichite hayala lole tichotse zonse tsiku limodzi. Kodi titani?

Mwana wosowa mtengo wogwira, Blantyre

Mwana wanga,

Za lolezo muzisiye, ndipo achimwene akowo uwauze lero lomwe. Munayesa kale ndi matumba ochepa, mwaona chomwe chinachitika. Lole ichita zomwezo, kungoti bala lake lidzakula, ndipo mayi akhoza kudzakutsekerani chitseko nonse. Akatero sipadzakhalanso wolowa kukaona ngati adya kapena ngati kandulo aiika pabwino.

Amayi ako si mfiti, sanalodzedwe, komanso si uve. Zimene walongosolazi zikufanana kwambiri ndi vuto la m'maganizo limene madokotala amalitcha hoarding disorder. Dzinali ulilembe penapake, lidzakuthandiza kuchipatala. Ine sindingawayeze kudzera m'kalata, koma zizindikiro zake ndi zimenezi: munthu amalephera kutaya kapena kupatsa ena zinthu ngakhale zopanda ntchito, akaganiza zotaya mtima umamuwawa zenizeni, ndipo katunduyo amadzaza mpaka chipinda chimaleka kugwira ntchito yake. Kale madokotala ankaliphatikiza ndi matenda ena a maganizo ndi zochita zobwerezabwereza otchedwa OCD. Mu 2013 bungwe la madokotala a zamaganizo ku America linaliika palokha m'buku lawo la DSM-5, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO nalonso linalilemba m'ndandanda wake wa matenda wa ICD-11. Kafukufuku amene anachitika makamaka ku Ulaya ndi ku America amaonetsa kuti mwa anthu 100 aliwonse, awiri kapena atatu ali nalo. Nthawi zambiri limayamba munthu ali wachinyamata, limakula mwakachetechete, n'kudzaonekera poyera atakalamba. Imfa ya wokondedwa, kupuma ntchito ndi kukhala wekha zimalikolezera. Amayi ako zitatu zonsezi zawagwera.

Kwathu kuno vutoli limabisala bwino, chifukwa kusunga ndi nzeru. Tonse tinakulira m'nyumba momwe chigubu cha mafuta chimasanduka chotungira madzi, botolo limadikira thobwa, chitenje chakutha chimakhala chokolopera. Amene anaona njala ya 2002 sungawauze kuti kutaya n'kophweka. Choncho usamafunse kuti, kodi asunga zambiri? Uzifunsa kuti, kodi pabedi akugonapo? Kodi kukhitchini akuphikirako? Kodi moto utabuka usiku angatulukire pati? Mayi amene asunga zigubu khumi n'kumazigwiritsa ntchito alibe vuto. Amene akugona pampando chifukwa bedi lakwiririka ndi majumbo akufunika thandizo.

Tiyambe ndi zimene sizingadikire. Magetsi akazima anthu amayatsa kandulo, kukazizira amalowetsa mbaula, ndipo nyumba yodzaza mapepala ndi mapulasitiki siichedwa kuyaka. Ku New York mu 1947, abale awiri a banja la Collyer, Homer ndi Langley, anapezeka atafa m'nyumba mwawo ku Harlem. Langley anaphwanyidwa ndi mulu wa katundu wake womwe, ndipo Homer, amene anali wakhungu n'kumadalira m'bale wakeyo pa chakudya, anatsala wopanda womusamala mpaka naye anamwalira. M'nyumbamo munatuluka katundu woposa matani 100. Sindikukuopseza, koma ndikufuna uone kuti choyamba si ukhondo ayi, ndi moyo. Ukapita, usakanene kuti "Amayi, tiyeni titaye." Ukanene kuti, "Amayi, sindikugona ndikaganiza za chitseko cha kuseri chija. Tingasunthe katunduyu kuti chizitseguka?" Kusuntha, osati kutaya. Zitseko zonse zizitseguka, kanjira kochokera pogona kukafika panja ndi kubafa kakhale koyera kuti asapunthwe, pamene amaphikira pasakhale pepala, ndipo zitini ndi zigubu za panja zivundikiridwe nthawi ya dzinja kuti udzudzu usaswanemo. Zimenezi anthu ambiri a vutoli amavomera, chifukwa palibe chimene akulandidwa.

Usanachite zonsezi, ukawapepese za chaka chatha. Ndikudziwa kuti munachita mwachikondi, koma kwa iwo kunali kuberedwa ndi ana awo omwe. Ukawalonjeze kuti simudzatayanso kanthu iwo asanavomere, ndipo lonjezolo mulisunge ngakhale pa jumbo limodzi.

Tsono ntchito yeniyeni. Akatswiri awiri a ku America, Randy Frost ndi Gail Steketee, akhala akufufuza vutoli kwa zaka zambiri, ndipo anapeza kuti gwero lake si katundu koma zimene zimachitika m'mutu munthu akagwira chinthu. Amavutika kusankha. Amaopa kuti akataya adzachifuna mawa. Amaona kuti kutaya n'kuwononga, ndipo mlandu wake ukhala pa iye. Ena amaona ngati akataya chinthu ataya chikumbutso cha munthu. Makope aja ndi zaka zonse zimene amayi ako anaima kutsogolo kwa bolodi ndi choko m'manja. Ndiye chifukwa chake lole sithandiza: imachotsa katundu koma mantha aja imawasiya momwemo, ndipo manthawo amadzazanso nyumba.

Chimene chimathandiza ndi kuzolowera kusankha, iwo eni ake. Sankhani malo amodzi ang'ono, bedi mwachitsanzo, chifukwa phindu lake alimva msana wawo usiku womwewo. Mphindi 15 kapena 20 patsiku zikwana, musapitirire mpaka atatopa. Chinthu chilichonse chigwidwe ndi manja awo, iwe ntchito yako ndi kufunsa modekha: munachigwiritsa ntchito liti komaliza? Muli nazo zingati zonga chimenechi? Mutachifuna mawa, mungachipeze mosavuta? Pakhale milu itatu, yosunga, yopereka kapena kugulitsa, ndi yotaya. Mulu wapakatiwo ndiwo udzakuthandizeni kwambiri, chifukwa munthu amene sangaponye chigubu kudzala amatha kuchipereka kwa mayi wogulitsa thobwa, ndipo zovala zimene sanavalepo angazitumize kumpingo kuti zikathandize osowa. Zimene avomera kuti zichoke zituluke tsiku lomwelo, zisagone pakhonde. Yambani ndi majumbo ndi mabotolo. Makope ndi zinthu za malemu bambo zikhale zomalizira, ndipo pamenepo angasankhe ochepa n'kusunga m'katoni imodzi, ena uwajambule pafoni.

Akataya chinthu adzamva kuwawa. Usawatsutse, usawaseke. Uwafunse kuti pa mlingo wa 0 mpaka 10 kuwawako kuli pati, ndipo mawa lake ufunsenso. Anthu ambiri amadabwa kuona kuti nambala ija yatsika, ndipo kudabwa kumeneko ndiko kumawapatsa mphamvu yotaya china. Musaiwalenso khomo lolowera: ngati Loweruka lililonse akubwera ndi kaunjika watsopano kuchokera ku Limbe, mukutunga madzi ndi dengu. Uziwaperekeza kumsika, aone, agwire, abwerere osagula. Poyamba zidzawavuta kwambiri.

Njira imeneyi ndi mbali ya chithandizo cha uphungu chotchedwa CBT, chimene mpaka pano ndicho chili ndi umboni wabwino pa vutoli. Chimatenga miyezi ingapo, ndipo chimayenda bwino mlangizi akamafika kunyumba. Ndikuuze zoona: ambiri amapezako bwino koma sasintha kotheratu, choncho musayembekezere nyumba yonga ya m'magazini. Mapiritsi opangidwira vutoli mwachindunji palibe. Komabe pafupifupi theka la anthu a vutoli amakhalanso ndi matenda a kukhumudwa, amene ali ndi mankhwala, ndipo mayi wamasiye wokhala yekha ayenera kuonedwa pa zimenezi. Dokotala aonenso ngati ayamba kuiwalaiwala, chifukwa matenda ena a ukalamba nawonso amayambitsa kuunjika zinthu.

Ku Blantyre mungayambire ku Queen Elizabeth Central Hospital, komwe kuli gawo la zamaganizo. Kulinso Zomba Mental Hospital, ndipo owerenga a kumpoto ndi pakati ali ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Pachipatala cha boma m'maboma mungafunse namwino wa zamaganizo. Mawu oti "kumentolo" amaopsa akuluakulu athu, ndiye usawatchule. Uwauze kuti mukupita kukakambirana za tulo ndi nkhawa, zomwenso n'zoona. Akakana, pita wekha ukalandire uphungu wa momwe ungawathandizire, ndipo utenge zithunzi za zipinda ngati iwo avomera.

Za anebawo usazitenge mopepuka. M'dziko muno okalamba akhala akumenyedwa, ena kuphedwa kumene, chifukwa cha manong'onong'o otere. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Kaonaneni ndi amfumu a m'deralo ndi abusa kapena akuluampingo awo, muwafotokozere kuti mayi akudwala ndipo ana awo akuwasamalira. Muzipitako kawirikawiri, anthu aziona kuti gogoyu ali ndi abale.

Azakhali

* * *

Azakhali,

Ndine bambo wa zaka 44, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, ku England. Chipinda changa chadzaza ndi zinthu zimene ndimagula kuti ndidzatumize kumudzi, koma zaka zikupita osatumiza. Ndimachita manyazi kulowetsa munthu, ngakhale wokonza mpope. Kodi ndili ndi vuto?

Wa ku Leeds

Bambo,

Mwachita bwino kufunsa nokha, ambiri amadikira kuti ena awaonere. Kugulira abale si vuto, koma kukaniza wokonza mpope chifukwa cha manyazi ndi chizindikiro choti muchiganizire. Fufuzani pa intaneti Clutter Image Rating. Ndi zithunzi 9 za chipinda chimodzi, kuyambira choyera mpaka chodzaziratu, ndipo mumasankha chofanana ndi chanu. Kuyambira chithunzi cha nambala 4 kupita m'tsogolo, akatswiri amati munthu afune thandizo.

Kumeneko njira zilipo. Lankhulani ndi dokotala wanu wa m'dera (GP), kapena dzilembetseni nokha ku NHS Talking Therapies, uphungu wa zamaganizo wa chipatala cha boma, komwe ku England simufunika kalata ya dokotala. Bungwe la HoardingUK limathandiza anthu a vutoli, ndipo ozimitsa moto amabwera kwaulere kudzaona chitetezo cha nyumba mukawapempha. Buku la Buried in Treasures, limene analemba David Tolin, Randy Frost ndi Gail Steketee, lili ndi zochita za tsiku ndi tsiku, ndipo pali magulu amene amakumana n'kumaliwerenga limodzi, zomwe zimathandiza kuposa kulimbana nazo panokha.

Pakadali pano lekani kugula mpaka katundu woyamba atanyamuka. Ikani tsiku lotumiza m'mwezi ukubwerawu, muuze m'bale mmodzi kumudzi tsikulo kuti azikufunsani, ndipo zimene sizikwana m'katoni mukazisiye kusitolo ya zachifundo yapafupi nanu.

Azakhali