Usanakwere minibasi, wakatsazika kwa amalume ako?

Mdzukulu wanga wina wa kuno ku Mulanje wandifunsa kuti: "Agogo, ndakhoza bwino MSCE ndipo ndasankhidwa kupita ku yunivesite ya MUST. Ndikatani kuti anzanga a m'tauni asakandiseke kuti ndine wakumudzi?"

Wachita bwino mwana iwe, Mulungu alemekezeke. Za kusekedwazo zisakusowetse tulo. Oseka amatopa okha, mayeso akangoyandikira aliyense amagwira mutu wake. Ndiponso ku Ndata, komwe kuli yunivesite ya sayansi ya MUST, ndi ku Thyolo pompa, sukuluyo inatsegulidwa mu 2014 ife tikuona, ndipo ana a kumudzi aliko ambirimbiri. Chomwe ndimayembekezera kumva kwa iwe n'chakuti: "Agogo, ndiyambire khomo liti kutsazika?" Icho sunafunse.

Kale, pulayimale yaulere ya 1994 isanabwere, fizi inkachokera m'mabasiketi a tiyi ndi m'matumba a nandolo. Mwana akasankhidwa kupita ku sekondale sankangonyamula sutikesi n'kumapita ayi. Kukatsala masiku angapo ankayenda khomo ndi khomo. Ankayambira kwa amalume, eni mbumba. Mtsikana ankagwada, mnyamata ankanjuta poteropo, mpando ngakhale ulipo osaukhudza. Amalume ankayamba afunsa za kumunda, za mvula, za odwala, kenako n'kukhosomola pang'ono, ndiye malangizo ayambike. Za mowa, za chiwerewere, za kutola chinthu cha mwini. Ena ankalankhula mpaka dzuwa kulowa kuseri kwa mitengo, iwe miyendo itachita dzanzi, koma osagwedezeka.

Ukachoka apo upite kwa agogo aakazi, kwa azakhali, kwa anankungwi amene anakulanga, mpaka kwa amfumu. Paliponse unkatuluka ndi kamba: makaka, nthochi, chinanazi, pena nkhuku yomanga miyendo ndi luzi. Mayi anga aakulu ndimawaonabe m'maso mwangamu, zala zawo zitada ndi kuthyola tiyi, akumasula ndi mano mfundo ya pakona ya chitenje kuti apatse mchimwene wanga timakobidi tawo. Timakobidito sitinkakwana n'kugula sopo komwe. Anamugwira dzanja osalisiya msanga, n'kunena kuti, "Kumeneko ukatiimirire."

Mwana wotsazika chotero ankapita atasenza anthu. Tsiku lomwe anzake amukokera ku bala kuti akamwere fizi, nkhope zija zinkamubwerera, manyazi n'kumugwira. Aphunzitsi amaphunzitsa masamu ndi sayansi, ndipo ndimawalemekeza kwambiri, koma manyazi amenewo sapezeka pa bolodi. Ndipo zikamuvuta, kaya wadwala kaya fizi yaperewera, mbumba yonse inkasonkha mosanyinyirika, chifukwa anawauza popita.

Lero ndikuona zina. Mwana amajambulitsa atanyamula chikwama pa siteji ya Chitakale, n'kuika chithunzicho pa WhatsApp, basi watsazika. Amalume ake amadzamva kwa wakabaza kuti mphwawo ali ku koleji. Foni sindidana nayo ine. Namondwe wa Freddy atatigwera mu Malichi 2023, madzi ndi miyala zikutsika m'phirimu, abale ambiri tinawapeza ndi foni yomweyo. Koma foni sigwada, mdzukulu wanga. Munthu wamkulu akamva nkhani ya mwana wa mlongo wake pamsewu amangoti "chabwino", koma mumtima zimamupweteka, ndipo tsiku lomwe udzafune ankhoswe udzaona akukoka miyendo.

Mu Okutobala mumakhamukira ku Chonde ku Mulhako wa Alhomwe, mutatchena nsalu, kuvina tchopa mpaka fumbi koboo. Zimandisangalatsa ndithu. Koma ena mwa ovina omwewo amadutsa pakhomo pa agogo awo atatseka makutu ndi timawaya, moni osapereka.

Tsono iwe chita chonchi. Loweruka likubwerali gula kapaketi ka shuga, upite kwa amalume ako dzuwa litapendeka, atabwerako kudimba. Foni uyisiye m'thumba. Akayamba kulankhula Chilomwe usawayankhe m'Chingerezi, pomwe sunamve funsa mwaulemu, akubwerezera. Akakupatsa kanthu, kachepe bwanji, landira ndi manja awiri. Ukadzabwera ku holide udzayendenso makomo omwewo kukalonjera, kuyambira komwe unayambira, ndipo m'mawa mwake udzatenge khasu upite nawo kumunda amayi ako.