Diripi ya potaziyamu: bwanji osangoitsegula kuti ithe msanga?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa wophunzira za unamwino. Akuti m'wodi yawo muli bambo wina wolemera makilogalamu 60 yemwe watsegula m'mimba ndi kusanza kwa masiku atatu. Magazi asonyeza kuti potaziyamu (mchere wina wofunika m'thupi) ali pa 2.8, ndipo adokotala alamula kuti alandire 40 mmol (mmol ndi muyeso wa kuchuluka kwa mchere) ya potassium chloride, mankhwala a potaziyamu, mu lita imodzi ya Normal Saline (madzi a mchere a diripi) kwa maola 8. Funso lake ndi lakuti: "Ngati potaziyamu watsika chonchi, n'chifukwa chiyani tikumupatsa modontheza? Nanga ndidziwa bwanji kuti madzi akwana kapena apyola?"

Mwafunsa bwino, chifukwa pamenepa ndi pomwe diripi imapha munthu yemwe akanachira.

Potaziyamu wa m'magazi amayenera kukhala pakati pa 3.5 ndi 5.0 mmol pa lita. Koma dziwani kuti pafupifupi 98 peresenti ya potaziyamu yense wa m'thupi ali m'kati mwa maselo. Zomwe labotale imayeza ndi kachigawo kakang'ono kotsala kunjako. Potaziyamu wa m'diripi amayamba wafikira m'kachigawo kameneka, ndipo maselo amamumwa pang'onopang'ono. Mukamuthira mofulumira, amaunjikana m'magazi maselo asanamulandire, ndipo mtima, womwe kugunda kwake kumadalira mchere umenewu, ukhoza kuima nthawi yomweyo. N'chifukwa chake potassium chloride sabayidwa mumtsempha ndi sirinji, ngakhale pang'ono. Pa mtsempha wa pamkono musapyole 10 mmol pa ola, ndipo m'lita imodzi musaikemo oposa 40 mmol, apo ayi amawotcha mtsempha.

Tiwerengere za bambo wanuyo. Lita imodzi kwa maola 8 ndi mamililita 125 pa ola. Ngati chubu chanu chimatulutsa madontho 20 pa mililita, ndiye madontho pafupifupi 42 pa mphindi, ndipo akulandira 5 mmol pa ola. Wina akaitsegula kuti ithe mu ola limodzi, bamboyo alandira 40 mmol, kanayi kuposa malire. Muziwerenga madonthowo mobwerezabwereza, pakuti wodwala akawongola mkono kapena wachibale akakhudza kotsekera, liwiro limasintha. Ngati mwathira nokha potaziyamu m'thumba, litembenuzeni kangapo musanalipachike. Mankhwalawa ndi olemera kuposa madziwo, amakhazikika pansi pomwe pali potulukira, ndiye madontho oyamba amakhala oopsa. Lembani pathumbapo zomwe mwaikamo ndi nthawi yake.

Ngati wodwala wauma kwambiri, BP yatsika, mtima ukuthamanga, ndipo akufunika madzi ambiri mwamsanga, amenewo apite pa thumba lina la Ringer's Lactate (mtundu wina wa madzi a diripi) kapena Normal Saline yopanda choonjezera. Thumba la potaziyamu si lothamangitsa.

Musanapachike n'komwe, funsani za mkodzo. Impso ndi zomwe zimataya potaziyamu wochuluka, ndiye ngati sizikugwira ntchito, yemwe mukumuthirayo alibe kotulukira. Munthu wamkulu ayenera kukodza osachepera theka la mililita pa kilogalamu iliyonse pa ola. Kwa bamboyu ndi mamililita 30. Mkodzo ukachepera apo kwa maola angapo, imitsani kaye diripi ya potaziyamuyo ndipo muwauze adokotala. Potaziyamu akakana kukwera ngakhale mukumupereka bwino, kaikirani magineziyamu, mchere winanso wa m'magazi: akakhala wotsika, impso zimangotayabe potaziyamu. Onaninso khadi la mankhwala. Furosemide (mankhwala okodzetsa) amachotsa potaziyamu, ndipo wodwala yemwe akulandira digoxin (mankhwala a mtima) amakhala pachiopsezo chachikulu potaziyamu akachepa.

Potaziyamu wochepa amaoneka ndi kufooka kwa miyendo, mimba yotupa yosalira, ndipo pa ECG (chojambula cha magetsi a mtima, chomwe mafunde ake amatchedwa ndi zilembo monga T, U ndi QRS) mafunde a T amaphwa, kenako a U amatulukira. Wochuluka amakweza T kukhala wosongoka ndi kutambasula QRS. Zikatero tsekani diripi ndi kuitana adokotala. Calcium gluconate amateteza mtima koma sachepetsa potaziyamu; amene amamulowetsa m'maselo ndi insulini, kawirikawiri mayuniti 10 pamodzi ndi magalamu 25 a gulukosi, ndipo shuga muzimuyeza pafupipafupi kwa maola angapo chifukwa amatha kugwa. Chenjezo laling'ono: magazi otengedwa pamkono womwe pali diripi, kapena omwe maselo ake asweka potenga, amapereka nambala yonama yokwera. Tenganinso pamkono winawo, koma ngati ECG yasintha musadikire zotsatira.

Tsopano funso lachiwiri. Tchati cha madzi olowa ndi otuluka chimathandiza pokhapokha chikalembedwa moona: masanzi, chimbudzi chamadzi, zomwe wamwa, ngakhale madzi osungunulira mankhwala obaya. "Wakodza bwino" si muyeso. Sikelo ndiyo sinama: kilogalamu imodzi yoonjezereka pa tsiku ndi lita imodzi ya madzi, bola muyeze nthawi yomweyo m'mawa pa sikelo yomweyo. Madzi akamakwana, mtima umasiya kuthamanga, lilime limanyowa, mkodzo umachuluka ndi kuyera, ndipo wodwala amayankha bwino. Akapyola, chizindikiro choyamba nthawi zambiri ndi kupuma: mpweya pa mphindi ukukwera, wodwala akukana kugona chagada, pansi pa mapapo pakumveka kuthetheka, mitsempha ya m'khosi yadzaza. Kutupa mapazi kumabwera mochedwa, musakudikire. Okalamba ndi odwala mtima kapena impso amadzaza msanga.

Za sodiyamu mwachidule, poti simunafunse koma mukumana nazo. Mlingo wake ndi 135 mpaka 145. Dextrose 5% (madzi a shuga a diripi) yambiri imamutsitsa, chifukwa shuga akagwiritsidwa ntchito m'thupi mumatsala madzi okhaokha. Wodwala akayamba kumva mutu, kusokonezeka kapena kukomoka, yezani sodiyamu. Kumukweza nakonso kumafuna kufatsa: osapyola 8 mpaka 10 mmol pa maola 24, chifukwa kufulumira kumaononga ubongo.

Bambo wanuyo akasiya kusanza, muyambitseni ORS pang'onopang'ono. Lita imodzi ili ndi 20 mmol ya potaziyamu, ndipo wodutsa m'matumbo amalowa m'magazi mwa liwiro lomwe thupi lingathe kupirira.